Anti anga anawalembera F55.4

Nkhaniyi ndakhala nayo pamtima masabata angapo koma ndimadikira kaye kuti eni ake avomere. Lamulungu lapitali titaweruka ku tchalitchi anti anandiuza okha mgalimoto kuti lemba mwana wanga, bola dzina usatchule, anzathu amve. Ndie ndi imeneyi. Za odwala amene mafayilo awo amadutsa pa kompyuta yanga ku ntchito sindingayerekeze olo pang'ono, lamulo la HIPAA loteteza zinsinsi za odwala silisewera komanso olo likanapanda kukhalapo si zanga zoti ndizilankhula, koma iyi ndi ya pakhomo pathu penipeni.

Kwa amene simundidziwa, ine kuno ku Indiana, ku America, ndimagwira ntchito ya makhodi a zachipatala. Dokotala akamuona munthu amalemba zomwe wapeza, ife timawerenga nkuzisandutsa zilembo ndi manambala, ndie zimenezo ndi zomwe zimapita ku inshuwalansi kuti ndalama zituluke. A inshuwalansi nkhani yonse ya dokotala nthawi zambiri saiwerenga, amaona khodi basi. Buku lomwe timatsatira ndi ICD-10-CM, linachokera ku buku la WHO koma a kuno analikulitsa kwambiri, anayamba kuligwiritsa ntchito pa 1 Okutobala 2015 ndipo muli makhodi oposa 70,000, chaka chilichonse ikafika Okutobala ena amalowa ena amatuluka. Zaka zonsezi khodi ya F55.4, ya munthu wachizolowezi chomwa mavitamini mopitiriza muyeso, ndimangoidutsa mbukumo, sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzaiona pa dzina la munthu amene anandilandira pa eyapoti ndi jekete mmanja ndikufika koyamba dziko lino.

Antiwa ndi achemwali a bambo anga, azakhali enieni. Amasamalira okalamba, shifiti ya usiku, zaka zambirimbiri. Akaweruka mmawa amatseka makatani nkugona, akamadzuka kunja kwayamba kale kuda makamaka nyengo yozizira, ndie dzuwa iwo amangolimva kwa anthu. Komanso dzuwa la kuno kuyambira Novembala mpaka cha mu Febuluwale ndi lowala chabe, thupi silipanga nalo vitamini D wokwanira, kwa ife akhungu lakuda ndiye nkhani imakula. Anayamba kudandaula kuphwanya mthupi, mafupa kuwawa, kutopa kosatha, anapita kwa dokotala wawo anawayeza magazi nkupeza kuti vitamini D watsika. Anawalembera makapisozi a 50,000 IU (IU ndi muyeso wa mphamvu ya vitamini), kamodzi pa sabata, masabata 8. Pamenepo panalibe cholakwika chilichonse, ndi mmene amachitira. Anamwa bwinobwino Lolemba lililonse ndipo anapezadi bwino, mpaka amanena okha kuti mwana wanga ndabwerera utsikana.

Vuto linayamba botolo litatha. Mmalo mobwerera kokayezetsa, chifukwa kubwerera ndi ndalama komanso ndi tulo tamasana totayika, anapeza pa intaneti a mphamvu yomweyo a 50,000 ogula opanda pepala la dokotala. Botolo limeneli linalibe kapepala ka ku famase kolemba dzina lawo ndi kamwedwe, ndie iwo anaganiza mmene ambiri a ife tingaganizire, kuti ngati kamodzi pa sabata kanandithandiza chonchi kuli bwanji tsiku lililonse, nanga si ndi vitamini, ndi chakudya. Pamwamba pake anawonjezera mapilitsi a kashiamu chifukwa cha maondo, kenako ena osakaniza mavitamini onse omwe mayi wina wa mgulupu lawo la WhatsApp amagulitsa. Muwerengere nokha, 50,000 tsiku lililonse ndi 350,000 pa sabata, pomwe munthu wamkulu amangofunika 600 IU patsiku, 800 akapitirira zaka 70, ndipo malire omwe akatswiri a kuno anaika kuti osadumpha popanda dokotala ndi 4,000 patsiku. Iwo amamwa kuposa ka 12 malire amenewo, kwa miyezi pafupifupi 7.

Ine sindiwaseka anti ayi, chifukwa tonse tinakula tikumva za kusowa, osati kuchuluka. Kusikelo ana amawadonthezera vitamini A mkamwa, kakapisozi kabuluu kwa aang'ono kofiira kwa okulirapo, shuga wa mmagolosale kwathu amathiramo vitamini A, mafuta ophikira chimodzimodzi, pa wailesi nkhani ndi ya magulu 6 a zakudya. Ndani anatiuzapo kuti vitamini angakugoneke mchipatala? Koma A, D, E ndi K samatuluka ndi mkodzo ngati C, amasungika mmafuta a mthupi ndi mchiwindi, amangounjikana. Vitamini D ntchito yake ndi kukoka kashiamu kuchokera mchakudya kulowa mmagazi, ndie akachulukitsa kashiamu amasefukira, impso zimalephera kusunga madzi, munthu amangokodza nkumangomwa madzi ludzu osatha, mmimba kuuma, nseru, kenako mutu umayamba kusokonekera.

Ndi zomwe zinachitika. Poyamba tonse timati ndi shuga, kwathu matenda a shuga alipo, ludzu limenelo ndi kukodza usiku wonse ukanaganiza chiyani. Tsiku lomwe ndinachita mantha ndi lomwe anandiimbira foni nkundifunsa kuti basi ya ku Ntcheu inyamuka nthawi yanji, akulankhula mwaulemu bwinobwino ngati tili pa depoti ku Lilongwe. Ndinasiya ntchito pompo. Ndinawapeza atakhala pansi kubafa atasanza, milomo itauma gwa, ndinawanyamula kupita nawo ku emergency.

Apa ndi pomwe pali fungulo la nkhani yonse ndie mumvetsere. Nesi anawafunsa ngati pali mankhwala omwe akumwa, iwo anati ayi, a BP okha. Dokotala anabwera anafunsanso, anati ayi. Magazi atatuluka kashiamu ali pa 13 kupitirira, pomwe wabwinobwino amathera cha pa 10 ndi theka, impso nazo zitayamba kufooka, anabweranso kachitatu ndi funso lomwelo, yankho lomwelo. Anti Chizungu amachimva bwino kuposa ine, sikuti sanamve funso, komanso sikuti amabisa. Kwa iwo mankhwala ndi Panado, LA, a BP, zokupatsa dokotala ukadwala. Mavitamini si mankhwala. Ukawafunsa lero lomwe adzakuuza kuti sananame, ndipo ine ndikuvomereza kuti sananame.

Usiku umenewo atawaika diripi ndinabwerera kunyumba kwawo kukatenga chitenje, Baibulo ndi tchaja. Ndikutsegula kabati ya kukhitchini kufuna kapu, pafupi ndi majani a Chombe omwe amasunga ngati golide, mabotolo ali ndandanda. Ndinawaika onse mu jumbo, analipo 6, lina lopanda kanthu lina latheka. Nditafika ndinawakhuthulira pa kathebulo kodyerapo kaja ka pa bedi.

“Anti, awa mukumwa bwanji?”

“Amenewo ndi mavitamini mwana wanga, kamodzi mmawa ndikaweruka.”

“Tsiku lililonse?”

“Eee, nanga amwedwa bwanji?”

Nesi ananyamula botolo lija nkuliyang'ana kumbuyo, sanalankhule kanthu, anangotuluka nalo changu. Kutacha anayeza vitamini D mmagazi, anali atadutsa 150 ng/mL, pomwe madokotala amati apa ndiye poizoni. Anagonekedwa masiku 4, madzi a diripi ambirimbiri, impso zinabwerera, mutu unabwerera, tinathokoza Mulungu. Atauzidwa chomwe chinawadwalitsa anagwira pakamwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanakhudzenso kapisozi olo kamodzi.

Patatha mwezi ndi pomwe anandiimbira akulira. Mwana wawo anawatsegulira zotsatira pa foni, pa portal ya chipatala paja pamakhala mndandanda wa matenda a munthu, ndie pakati pa BP ndi zina panalembedwa kuti abuse of vitamins. Mawu oti abuse anti amawadziwa bwino, ku ntchito kwawo ndi mawu ochotsetsa munthu ntchito, ndi mawu a anthu ozunza okalamba, a mowa, a chamba. “Ine mayi wa Mvano, zaka zonsezi, lero andilemba pamodzi ndi a chamba? Ndalakwa chiyani ine?” Tsiku lomwelo mmabokosi a makalata munalinso bilu ya ku labu, magazi omwe anakayezetsa atatuluka mchipatala inshuwalansi yakana kulipira.

Ndinawauza kuti apemphe mapepala onse, bilu yofotokoza chimodzichimodzi ndi zomwe madokotala analemba, ndi ufulu wawo. Titakhala pa thebulo ndinaona pomwe zinakhotera. Dokotala wa usiku woyamba uja, atafunsa katatu nkukanidwa katatu kenako jumbo ya mabotolo nkutulukira, analemba mu noti yake kuti vitamin abuse. Mawu awiri okha. Wa makhodi wa chipatalacho anawaona nkuika F55.4, ndipo kunena zoona sanaphwanye lamulo, malamulo athu amati khodi imatsatira zomwe dokotala wanena kuti munthu ali nazo, ife sitipima odwala. Pa bilu ya chipatala khodiyi inali mmunsi ndie sinasokoneze kanthu. Koma makompyuta a masiku ano amakopera, mawu aja analowa pa mndandanda wa matenda awo, atapita kukaonedwanso ku kiliniki munthu wina anangodina chomwe chinali pamwamba, ndie pepala lopita ku labu linanyamuka ndi F55.4 yokha ngati chifukwa choyezera vitamini D.

Tsono ndikufotokozereni mmene zimayenera kukhalira, chifukwa apa ndi pomwe ntchito yathu imakoma komanso pomwe imapweteka anthu. Munthu akadwala chifukwa cha vitamini, khodi imayamba ndi T45.2X, kenako nambala yotsatira ndi yomwe imanena nkhani. 1 ndiye kuti anamwa molakwitsa mwangozi, 2 anafuna kudzipweteka dala, 3 wina anamupatsa kuti amupweteke, 4 dokotala walemba kuti sizikudziwika, 5 anamwa ndendende mmene anauzidwira koma thupi lake silinagwirizane nazo, 6 amamwa ochepa kuposa omwe anauzidwa. Kumapeto kumabwera chilembo, A pomwe akulandira chithandizo chenicheni, D akamabwera kudzaonedwanso, S zikakhala zotsalira za mtsogolo. Ndie anti anga mchipatala muja anali T45.2X1A, ndipo ikakhala poizoni chonchi khodi imeneyi imakhala patsogolo, kenako zomwe poizoniyo wachita, E67.3 kuchuluka kwa vitamini D, E83.52 kuchuluka kwa kashiamu, N17.9 impso kufooka mwadzidzidzi. Akanakhala kuti anadwala akumwa kamodzi pa sabata paja monga anauzidwira, dongosolo likanatembenuka, matendawo patsogolo T45.2X5A pambuyo. Mukuona kuti kanambala kamodzi kakusiyanitsa munthu wolakwitsa, munthu wofuna kudzipha ndi munthu womvera dokotala.

F55.4 ndi nkhani ina. Ili mu chaputala 5 cha bukuli, cha matenda a mmaganizo ndi khalidwe, makhodi oyamba ndi F onse ali mmenemo. Gulu la F55 ndi la zinthu zomwe sizoledzeretsa koma munthu amazimwa mopitiriza muyeso osafuna kusiya, F55.0 mankhwala a chilungulira, F55.1 azitsamba, F55.2 otsegula mmimba, F55.3 ma steroid ndi mahomoni, F55.4 mavitamini. A WHO pofotokoza gulu limeneli amanena za munthu amene amapitiriza olo atachenjezedwa kuti zikumupweteka, ukamuletsa amalimbana nawe. Anthu otere alipo ndithu ndipo khodiyi kwa iwo ndi yothandiza, chifukwa dokotala wotsatira amadziwa kuti kungonena kuti siyani sikukwanira, pakufunika kukhala naye pansi munthuyu. Alipo omwa vitamini B6 wambiri mpaka mapazi kuchita dzanzi, ili ndi khodi yakeyake E67.2, alipo a vitamini A mpaka chiwindi kuwonongeka, E67.0, ukawauza amakuyankha kuti madokotala ndi a bizinesi. Bukuli limalola kuika F55.4 pamodzi ndi khodi ya poizoni ngati zonse zilipodi. Ine sindikulimbana ndi khodiyo ayi. Ndikungoti anti anga anasiya tsiku lomwe anauzidwa, palibe anawachenjezapo iwo nkukana.

Ku ntchito kwathu zikatere timatumiza query kwa dokotala, funso lolemba, ndipo silimaloledwa kumukankhira ku yankho lomwe iwe ukufuna, umangoyala zomwe zili mufayilo nkumufunsa kuti adokotala apa mukutanthauza chiyani, kumwa molakwitsa, chizolowezi chokana kusiya, kapena china. Zimatenga mphindi zochepa kulemba koma zimachedwetsa bilu masiku, ndipo tonse timawerengeredwa mafayilo omwe tatseka pa ola. Ndikumumvetsa mnzanga wosamudziwayo, mwina inali fayilo yake ya 30 tsiku limenelo. Koma mawu oti abuse ali okhaokha opanda chiganizo china chowaikira kumbuyo, ine ndikanafunsa, ndipo kuyambira nkhaniyi ndimafunsa olo bwana andiyang'ane bwanji.

Wina anena kuti nanga kakhodi kokhako kavuta chiyani poti munthu anachira. Choyamba ndi ndalama. Kuyeza vitamini D, khodi yake ya ntchito ndi 82306, a inshuwalansi ambiri kuno salipira mwachisawawa, ali ndi mndandanda wa matenda omwe amavomereza kuti apa mpoyenera kuyeza, ndie khodi ya matenda ikapanda kugwirizana ndi ya ntchito kompyuta imakana yokha munthu asanaione nkomwe. E67.3 kapena E83.52 zikanafotokoza bwino chifukwa choyezera, ndi T45.2X1D pambali pake. Chachiwiri ndi choti fayilo ya kuno imakutsata. Kwathu buku la kuchipatala likanyowa ndi mvula kapena likatayika umagula lina pa geti nkuyambiranso, zomwe analemba adokotala a chaka chatha zapita. Kuno ayi, ukapita chipatala china amatsegula nkuziona. Inshuwalansi ya zaumoyo siingakukane chifukwa cha matenda akale, lamulo la Affordable Care Act linatseka zimenezo, koma ya moyo ija, yomwe ambiri a ife timaifuna kuti tikadzamwalira thupi lidzapite kumudzi osavutitsa anthu ndi zopereka pa WhatsApp, amatha kupempha mafayilo a kuchipatala asanakuvomere. Anti anali mkati mofunsira yoteroyo. Amafuna akagone pafupi ndi amayi awo ku Ntcheu, amanena zimenezi chaka chilichonse.

Kukonza kwake kunali kwa mafoni ambiri. Ofesi ya mabilu siingasinthe matenda a munthu chifukwa choti wadandaula, ndipo ndi bwino kuti zili choncho, kusintha khodi kuti inshuwalansi ilipire basi ndi chinyengo, anthu amamangidwa nazo. Chomwe umapempha ndi choti aunikenso makhodi poyerekeza ndi zomwe dokotala analemba. Tinapita kwa dokotala wawo wa masiku onse uja ndi jumbo yathu yomweyo, anti anafotokoza okha kuyambira pachiyambi, iye anamvetsera mpaka kumapeto nkulemba mofotokoza bwino kuti kunali kumwa mopitiriza mosadziwa ndipo munthuyu anasiya atangouzidwa, anachotsa mawu aja pa mndandanda wa ku kiliniki, a labu anatumizanso bilu yokonzedwa ku inshuwalansi ndipo inalipiridwa. A inshuwalansi akanakanabe tinali ndi masiku 180 ochita apilu kuchokera tsiku lomwe anatikanira. Za noti ya mchipatala muja tinalemba kalata yopempha kuti ikonzedwe, HIPAA yomweyo imapereka ufulu umenewu ndipo chipatala chimayenera kuyankha pasanathe masiku 60, chikhoza kuwonjezera 30 chikakudziwitsa. Safufuta zomwe dokotala analemba, amawonjezera mawu okonza pansi pake, ndipo akakana uli ndi ufulu wolemba mawu ako otsutsa nkuikidwa mufayilo momwemo. Kalata imeneyo anti anaisayina ndi dzanja lonjenjemera, tikudikirabe yankho.

Chinthu china chomwe ndaphunzira nkhaniyi ndi mafunsidwe. Pano ndikaperekeza munthu wathu kuchipatala sindimufunsa kuti mukumwa mankhwala anji, ndimati chilichonse chomwe mumameza kapena kusungunula mmadzi chomwe si nsima ndi ndiwo, tiyeni nacho mu jumbo. Zinthu za mavitaminizi kuno sizidutsa ku FDA, bungwe la boma loona za mankhwala ndi zakudya, kuti zivomerezedwe zisanayambe kugulitsidwa ngati mmene amachitira ndi mankhwala, lamulo la 1994 linaziika mgulu la zakudya, ndie palibe wa famase amene akukuwerengera. Olo vitamini wa biotin yemwe atsikana akumwera tsitsi ndi zikhadabo, FDA inachenjeza mu 2017 kuti amatha kusokoneza zotsatira za magazi kuphatikizapo zoyezera ngati mtima wagwidwa, dokotala osadziwa kuti ukumwa akhoza kukubweza kunyumba uli pangozi. Kwa amene muli kuno ku America, nambala ya Poison Control, a uphungu munthu akamwa zomupweteka, ndi 1-800-222-1222, ndi yaulere usana ndi usiku, mukhoza kungowawerengera zomwe zalembedwa pa botolo.

Vitamini D wa anti akutsika pang'onopang'ono, poti anasungika mmafuta zimatenga miyezi, akuyezedwabe. Sabata yatha ndinapita kukawathandiza kulongedza sutikesi yomwe akutumiza kumudzi ndi munthu wina wopita Disembala, nsapato za ana, mafuta odzola, zitenje zomwe zinachokera konko zikubwereranso. Pansi penipeni, mkati mwa sokosi, ndinapeza mabotolo awiri osatsegula a 50,000 omwe anagula kale asanadwale nkuiwala. Anti anakhala pa bedi nkunena motsitsa mawu kuti mwana wanga, chaka chatha ndinatumizanso awiri kwa achemwali, a maondo aja.

Kumudzi inali 4 koloko mmawa koma tinaimbabe. Anayankha mdzukulu wawo ali ndi tulo, tinamuuza ayatse tochi ya foni akayang'ane pa windo pomwe agogo ake amaika mankhwala, atiwerengere nambala yomwe ili pa botolo. Anawerenga pang'onopang'ono, faifi, ziro, kenako maziro atatu. Botolo loyamba linali litatsala pang'ono kutha. Anti analanda foni mmanja mwanga nkumuuza kuti atenge onse awiri awabise mchikwama chake cha kusukulu, kukacha awaperekeze agogo ake kuchipatala cha boma pa Ntcheu ndi mabotolowo mmanja, akawaonetse adokotala asanafunsidwe nkomwe.